Boma la Fauziya Linatha

Rawdat Al Khail, Doha
14 Febuluwale 2025

Achemwali Zainabu,

Tandiyankhani ichi musanawerenge china chilichonse: munamvapo jini lodwala chimfine? Munamvapo jini lothamangira basi ya kuntchito nsapato imodzi ili m'manja, dalaivala n'kulisiya, ilo n'kukwera takisi? Chifukwa mkazi amene mukumutcha jini ku Ntaja ndinamusiyapo pasiteji ineyo, ndipo madzulo ake anandikalipira m'Chingerezi chomveka bwino pamaso pa anamwino onse.

Moni ndikupatsani tsopano. Muli bwanji? Alamu a Macfussy ndi ana ali bwanji? Ine thupi lili bwino.

Abudu, mnzanga wa kwathu komweko, wabwera dzana kuchokera kutchuthi. Tikudya mpunga mufulati muno, iye n'kunena moseka kuti azimayi a kumzikiti kwathu akundipempherera poti ndagwidwa ndi jini la ku Arabu. Ndinasiya mbale. Wickson, mlonda wachikulire amene timagona chipinda chimodzi, ndiye anandigwira dzanja, apo ayi Abudu akanameza supuni. Ndikulemba papepala n'kujambula chifukwa mumandidziwa: pafoni ndimadula anthu mawu, kenako ndimadula foniyo.

Ndibwereze nkhani yonse kuti pasapezeke wonena kuti sanamve. Mwezi watha ndinalembera amalume Che Saidi mwaulemu. Ndinati papita zaka chimwalirire mayi a Twaibu, ndatopa kukhala ndekha, ndapeza mkazi. Dzina lake Fauziya, Msilamu, wa ku Nigeria, amayeza magazi pachipatala chaching'ono cha ku Al Nasr chimene ndimayendetsera basi ya antchito. Ndinapempha amalume akhale nkhoswe yanga. Iwo anabweza mafunso atatu aja amafunsa apolisi: mudzi wake, mfumu yake, boma lake. Ndinakamufunsa mwini wake. Anati kwawo sawerenga choncho, koma ngati ndi boma, lake ndi Gongola. Ndinalemba Gongola. Chiyambire pamenepo, zii.

Tsono imvani chimene chikundisowetsa mtendere. Bambo ake, Malam Waziri, akupita ku Makka pa Ramadhani, pobwerera adzatsikira kuno sabata ya Idi kudzaona mwana wawo. Anena mawu amodzi okha: sapereka mwana kwa mwamuna wopanda wamkulu womuyankhulira. Sanatchule ng'ombe, sanatchule galimoto. Akufuna kuona nkhope ya amalume pafoni ndi kumva mawu awo. Akakwera ndege asanawamve, khalasi, zatha. Fauziya sangakwatiwe bambo ake asanalole, ndipo ine sindingamupemphe kutero.

Ndiuzeni mosabisa: za jini anayambitsa ndani, ndipo amalume akhala chete chifukwa chiyani?

Mlongo wanu,
Rashid


Ntaja, Machinga
23 Febuluwale 2025

Rashid mlongo wanga,

Assalamu alaikum, popeza iwe unaiwala. Kuno tili bwino. Mvula yachuluka, chimanga chakumunsi chayamba chikasu. Mwana wako Twaibu ndinamuona pamsika Loweruka ali ndi amalume ake a ku Nayuchi, watalika kukuposa.

Kalata yako ndinakawerengera kuseri kwa nyumba poti foni ya alamu ako imachita kutentha nayo. Ukufuna mosabisa, imva.

Amalume atalandira dzina lija anaitana alamu ako kuti awaonetse Gongola. A Macfussy anatenga mapu a kusukulu kwawo, anawerenga maboma onse a Nigeria, Gongola mulibe. Anafufuza pafoni n'kupeza kuti linalipodi, koma linatha mu 1991. Anawauza amalume momwemo, sanawonjezere mchere. Amalume anafunsa kuti linatha ndi nkhondo kapena ndi madzi. A Macfussy anati ayi, anangolidula pawiri. Amalume anati Machinga nayenso anamudula n'kutulukamo Balaka, koma Machinga alipo mpaka lero. Nanga boma lotha ndi dzina lomwe ndi boma lanji? Anavala chisoti n'kupita kudimba. Nkhaniyi sanaiyambenso, ndipo ukudziwa kuti amalume akatseka pakamwa sutsegula ndi supuni.

Za jini si iwo. Ndi mayi aang'ono Abiti Ajibu, anali pakhonde akusankha mpunga, makutu ali m'nyumba. Iwo anati munthu wamoyo satchula kwawo kumene kunatha, otero ndi aja okhala m'mabwinja. Anakumbutsanso za mnyamata uja wa ku Nselema amene anapita ku Oman n'kukwatira mkazi wokongola amene palibe anamuonapo, lero amayankhula yekha pamsika. Pofika Lachisanu nkhani inali itafika kumzikiti. Ine sindinanene, komanso sindinatsutse. Pamenepo usandifunse zambiri, anthu amenewa ndimakhala nawo ndine, iwe uli m'nyumba zozizira.

Tsono pempho langa, usakwiye. Zithunzi zonse umatumiza, mkaziyu amaoneka kuyambira m'chiuno kupita kumwamba, apo ayi wavala chovala chokwekwereza pansi. Tumiza chimodzi chooneka mapazi. Abiti Ajibu akuti majini amabisa mapazi poti ndi ziboda za bulu. Ine sindikhulupirira, koma ndikawaonetsa zala zake pakamwa pawo padzatsekeka.

Usaiwale kudya daku m'mbandakucha Ramadhani ikayamba, umakhala woipa ukamva njala.

Mlongo wako,
Zainabu


Rawdat Al Khail, Doha
3 Malichi 2025

Amalume Che Saidi,

Assalamu alaikum. Ramadhani yabwino kwa inu ndi onse pakhomo. Ndasala kudya, ndiyesetsa kusalanso mkwiyo, koma sindikulonjeza.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, mukudziwa, ndinu munanditenga kokagulitsa usipa. Koma kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha, ndipo za Gongola ndazifunsa kwa mwini wake, zina ndaziwerenga m'basi podikira anamwino. Imvani.

Nigeria si Malawi. Kumeneko boma lililonse ndi kadziko pakokha, kokhala ndi bwanamkubwa wake, sukulu zake, zipatala zake, pamwamba n'kukhala boma lalikulu la onse. Gongola analikhazikitsa asilikali mu 1976, likulu lake ku Yola, dzina analitenga pamtsinje. Mu 1991 asilikali enanso analengeza kuti ladulidwa: chakumpoto Adamawa, chakumwera Taraba. Dzina lakale silinapatsidwe kwa aliyense. Panalibe nkhondo, palibe nyumba inagwa. Mtsinjewo ukuyendabe.

Koma antchito a boma anauzidwa kuti aliyense akagwire ntchito kwawo kwa makolo ake. Bambo a Fauziya anali kalaliki wa zamisewu, kwawo kunagwera ku Taraba. Anakwera lole limodzi ndi makabati a muofesi kupita ku Jalingo, tauni imene inasanduka likulu isanakhale ndi nyumba zokwana, moti miyezi yoyamba ankagona pansi muofesi. Mayi ake anali mzamba, kwawo kunagwera ku Adamawa. Anatsala ku Yola ndi ntchito yawo ndi mwana wakhanda kumsana. Mwanayo ndiye Fauziya. Banja silinathe, koma linasanduka la pamsewu, bambo kubwera kumapeto kwa mwezi, mpaka mayiwo anamwalira.

Fauziya akafuna malo a sukulu ku Yola ankamuuza kuti ndi wa ku Taraba, atsate bambo ake. Akapita ku Jalingo ankamutcha mwana wa ku Yola. Ndiye mukamufunsa boma lake, amatchula lija limene bambo ndi mayi ake ankagona nyumba imodzi. Bodza lili pati pamenepa?

Inuyo amalume munabadwira boma liti? Si Kasupe? Kasupe ali kuti lero, si uyu tikumutcha Machinga? Ndiye ndinu jini?

Abiti Ajibu muwauze kuti uthenga wa mapazi unafika. Ndinamuuza Fauziya, ine sindibisa. Tinali kufutulu, kumasula kusala kwa tsikulo, m'kalesitilanti ka Amwenye ku Bin Mahmoud, iye ndi mnzake wa kuntchito ndi ine. Anaseka mpaka kutsamwa ndi chipatso cha tende. Kenako analeka. Anati: "Ku Yola ndine wa ku Taraba, ku Jalingo ndine wa ku Yola, kuno ndine Afirika basi. Bola kwanuko, andipezera mtundu." Chakudya sanachikhudzenso.

Chithunzi cha mapazi sinditumiza. Si mbuzi ya pamsika.

Amalume, kupatula unkhoswewu, sindinakupempheniko chinthu chiyambire kubwera kuno. Ndikupempha nkhope yanu pafoni, kanthawi kochepa kuposa kamene mumakhala pabawo. Ngati mukukana, kanani ndimve.

Mwana wa mlongo wanu,
Rashid


Rawdat Al Khail, Doha
19 Malichi 2025

Achemwali,

Moni. Kaya muwerenga kaya simuwerenga, chifukwa chilichonse ndikutumiza pafoni ya alamu chikuima panjira, ndikaimba sikulowa. Mwandibuloka? Ngati ndi chifukwa cha mawu a Kasupe, nenani. Munthu wamkulu akane ndi pakamwa, osati ndi msana.

Malam Waziri afika ku Makka, ndipo akamuimbira mwana wawo amafunsa ngati akwathu ayankha. Fauziya amangoti inshallah. M'basi sakhalanso mpando wakutsogolo.

Ndikuuzeni pamene mwandifikitsa. Abudu anabwera ndi nzeru yoti Wickson akhale amalume. Ndevu zoyera ali nazo, mkanjo tibwereke, nkhalamba ya ku Nigeria ingadziwe bwanji? Wickson ndi wa mpingo, mkulu wa kwaya kwawo ku Dedza, koma anavomera chifukwa cha chisoni. Ndinamugulira chisoti kumsika. Ndinamumva kukhitchini akuyeserera alhamdulillah, ikutuluka ngati nyimbo ya maliro. Ine amene ndimanyada kuti sindinama ndinaimirira pakhomo n'kumamukonza katchulidwe.

M'mawa mwake ndinamuuza Fauziya. Sanakweze mawu. Anati ndikatero adzawauza bambo ake ndi iye mwini, Wickson asanamalize moni, ndipo anatsika basi siteji yake isanafike. Ananena zoona. Chisoti ndachiika m'chikwama, ndidzawapatsa amalume eni ake, akakane icho.

Idi yayandikira. Yankhani.

Rashid


Ntaja, Machinga
24 Malichi 2025

Alamu,

Pepani kwambiri. Palibe anakubulokani. Foni inagwera m'madzi powoloka kamtsinje kopita kusukulu, yakhala kwa wokonza ku Liwonde mpaka dzulo. Kalata ili m'munsiyi amalume ananena pa 10 Malichi, ine ndinangolemba. Mawu onse ndi awo, ngakhale aja okhudza inu.

Macfussy

Mwana wa mlongo wanga,

Wa alaikum salaam. Kalata yako andiwerengera kawiri poti khutu lakumanzere linapuma ntchito. Za Kasupe wanena zoona, ndaseka. Koma mwano ndauona, tidzakambirana ukadzabwera.

Za jini sindinanenepo ine. Ndayenda ndi njinga mpaka ku Cuamba, ndaona akazi a mitundu yambiri, onse anali ndi mapazi.

Ukuganiza kuti ndinafunsa mudzi, mfumu ndi boma kuti ndimulembetse mayeso? Nkhoswe imafunsa zimenezo kuti idziwe kumene ana adzakhale. Mayi a Twaibu atamwalira, Twaibu anamutenga ndani? Amalume ake a ku Nayuchi. Unalira, unatukwana, koma lero mnyamata uja ali ndi munda, ali ndi pomanga nyumba, tsiku lake likadzafika ali ndi manda. Ndi mmene timakhalira. Mwana ndi wa kwa mayi ake. Iweyo pano ulibe munda. Minda ndi ya Zainabu ndi ana ake, ine ndimangoyang'anira.

Tsono wandilembera wekha kuti mkaziyu ku Yola amamukana, ku Jalingo amamukana. Kalata yako yandiopsa kuposa mapu a Macfussy. Ana ako adzapita kuti? Ku Qatar kumeneko ndimamva kuti ntchito ikatha umachoka ndi chikwama chokha. Ukufuna ndiike dzanja langa paukwati wobala ana okhala m'ndege? Mkaziyu ali ndi mlongo wake? Mlongoyo ali ndi malo? Ndi zokhazo ndinkafuna kudziwa. Ndinakhala chete chifukwa ndinkasaka njira yofunsira osanyoza eni ake. Iwe njira imeneyo sunaisakepo chibadwire.

Sindinakane. Bambo akewo ndiyankhula nawo, ndipo funso limeneli andiyankhe okha. Womasulira akhale Macfussy. Iwe tsikulo ukhale chete, mkwati sayankhula paukwati wake.

Ukamabwera undigulire mafuta onunkhira aja a m'kabotolo kakang'ono.

Amalume ako,
Saidi


Rawdat Al Khail, Doha
4 Epulo 2025

Achemwali Zainabu,

Assalamu alaikum. Mwaona, ndayamba ndi moni. Idi Mubaraka. Zatheka. 

Alamu akuti tsiku lokumana ndi Malam Waziri munali kuchipatala ku Liwonde ndi Abiti Ajibu, shuga anakwera. Achire. Alamu akakufotokozerani adzafupikitsa ngati lipoti la kusukulu, ndiye imvani kwa ine.

Tinakumana masana m'chipinda cha kahotela ku Bin Mahmoud kumene Malam Waziri anafikira. Ndi munthu wamfupi, wowonda, magalasi ochindikala, sayankhula mothamanga. Fauziya anakhala chakuwindo. Wickson ndinapita naye ngati Wickson. Foni tinaitsamiritsa pafulasiki ya tiyi, ndipo amalume anatulukira ali pansi pa mtengo wa kusukulu, avala mkanjo wa Idi. Nkhalamba ziwirizi zinapatsana moni wa Chiarabu popanda womasulira, moni wautali, moti ndinati basi zaphweka.

Kenako amalume anafunsa funso lawo lija: ana akadzabadwa ndi anu, mudzawaika pati? Alamu anamasulira ndendende. Malam Waziri anapempha kuti abwereze. Atabwereza, nkhalamba inaimirira n'kutenga ndodo yake. Pambuyo pake Fauziya anandiuza kuti kwawo, akuchimuna akanena ukwati usanamangidwe kuti ana ndi anu, ndiye kuti akunena kuti mwana wanu ndi woyendayenda, anawo sadzakhala a mwamunayo. Palibe mwano woposa pamenepo.

Ndinatsegula pakamwa. Amalume, ndi khutu limodzi lomwelo, ali ku Ntaja, anandiona. "Iwe, chete."

Amene anayankhula ndi Fauziya, chifukwa kalata ya amalume ndinali nditamumasulira. Anawauza bambo ake m'chiyankhulo chawo kuti kwathu mwana ndi wa kwa mayi ake, munda amalandira kwa amalume ake, ndipo funsoli ndi la ulemu. Malam Waziri anayesa kuti ndi nthabwala. Anafunsa alamu ngati ndi zoona, Asilamu okhaokha? Alamu anati inde, ngakhale shehe wa pamzikiti pathu munda amalima ndi wa kwa akazi ake. Nkhalamba inakhala pansi. Inati kwawo mwana ndi wa bambo, dzina, malo, manda, zonse. Iyo inabwera kudzapereka mwana wake pamodzi ndi ana amene adzabadwe. Mlongo wa Fauziya alipo, amachita lendi ku Lagos, koma ngakhale akanakhala ndi phiri lonse, ana a mlongo wake sakanalandirapo mwala. Amalume anati kwathu mwamuna alibe munda wopatsa ana ake.

Ndinamva tambala wa ku Ntaja akulira m'foni. Ndinadziwa kuti ukwati watha, ndipo panalibe woti ndimukalipire. Aliyense ananena zoona.

Ndiye Malam Waziri anavula magalasi. Mawu awo ndawasunga:

"Mu 1991 ndinali m'gulu logawa katundu wa ofesi yathu. Tinakangana tsiku lonse chifukwa cha taipi yothyoka. Mipando tinailimbirana, zotchingira mawindo tinazilimbirana. Chilichonse cha Gongola chinapeza mwini wake, kupatula mwana uyu. Lero ndabwera kutali kudzamvanso mbali ziwiri zikukankhirana ana. Ndisanafe ndikufuna ndione anthu akulimbirana."

Alamu pomasulira mawu anawathera pakati, anayambiranso. Amalume anavula chisoti, anakanda mutu, anachivalanso. Anati dimba lija la m'mbali mwa mtsinje si la mbumba, anagula okha nthawi ya usipa kwa munthu amene anasamukira ku Zomba, ndiye angapatse amene akufuna. Anati: "Ana amenewo ndi anga. Dimba lija ndi lawo."

Malam Waziri anati sizingatheke, iwo ali ndi malo kuseri kwa nyumba yawo ku Jalingo, akangofika awalembetsa m'dzina la Fauziya, ndiye anawo ndi awo. Amalume anati mwachedwa bwana, ndayamba ndine. Malam anati ndiye dzina la woyamba atcha ndi iwo. Amalume anati zimenezo tidzaona. Anayamba kulankhulira limodzi, uyu Chiyao uyu Chihausa, zala zikuloza foni, alamu anangosiya kumasulira n'kumaseka. Fauziya anali atayang'ana pawindo, mapewa akugwedezeka. Wickson ankapukuta maso ndi pepala la tiyi.

Pomaliza Malam anandipatsa dzanja. Anati amalume ako ndi munthu, iwe tidzaona.

Ukwati wa nikaha tamanga dzulo madzulo pambuyo pa swala ya Asri, Abudu anali mboni. Za mapepala a kukhoti zitenga nthawi yake, sizikundiopsa. Lero m'basi wakhala mpando wakutsogolo.

Mlongo wanu,
Rashid


Ntaja, Machinga
15 Epulo 2025

Rashid mlongo wanga,

Wa alaikum salaam. Alhamdulillah. Alamu ako atandiimbira pafoni ya Abiti Ajibu ndinaimba nthungululu m'wodi, anamwino anatsala pang'ono kunditulutsa. Abiti Ajibu achira, ndipo akuuza aliyense kuti iwo ankadziwa kale kuti ndi mkazi wabwino, mkazi woyeza magazi sangakhale woipa. Akuti mpongozi wawo awatumizire mpango wakuda wa maluwa m'mphepete, komanso awauze chakudya choyenera munthu wa shuga. Mlamu wangayo umupatse moni, umuuze kuti chipinda chilipo, ndazira kale. Amalume ayamba kudzitama pabawo kuti anagonjetsa Mnaijeriya.

Chinthu chimodzi chokha, ndipo uwerenge utadya. Za dimba amalume ananena ndi mtima wabwino, ine sindikutsutsa, n'zoona anagula okha. Koma ukudziwa kuti chiyambire amalume kudwala bondo, amalima dimba lija ndi ana anga, Jafali ndi Imrani. Tomato wa Jafali ndi amene akumangira nyumba. Iwo amadziwa kuti amalume akadzapita lidzakhala lawo, monga zimakhalira. Sindinawauze, ndipo alamu ako ndawapempha asanene. Amalume nawonso akuti adzanena nthawi yabwino. Ana ako sanabadwe, bwanji tiutse mkangano lero, pakhomo pali chimwemwe chotere? Tidzaona nthawi ikadzafika.

Mlongo wako,
Zainabu


Al Nasr, Doha
21 Epulo 2025

Achemwali,

Assalamu alaikum. Onani pamwambapo, ndasamuka. Kachipinda n'kakang'ono, khitchini timagawana ndi banja la Afilipino, koma ndikugona tulo timene ndinali nditaiwala. Fauziya akupereka moni. Mpango wa Abiti Ajibu wagula yekha, ine ndinakana kupita nawo. Wa shuga akuti achepetse mpunga ndi tiyi wa masupuni anayi uja.

Ndinawerenga nditadya, monga munanenera. Sizinathandize.

"Tidzaona" ayi, achemwali. Amalume ndi okalamba. Mawu aja ananenera pafoni, ndipo kumudziko anawamva ndi alamu okha, amene mwawatseka pakamwa. Amalume akadzapita, adzatsutsa Jafali ndani? Mwana wanga adzatsika basi pa Ntaja ndi chikwama n'kuuzidwa kuti apite kwa mayi ake, ndipo kwa mayi ake adzamuuza kuti apite kwa bambo ake.

Jafali ndi Imrani ndi ana a mlongo wanga, mwini wawo ndine amalume akadzapita, sindingawathamangitse. Alime, agulitse, Jafali amalize nyumba. Ana anga mwina adzachedwa, mwina sadzabadwa n'komwe, Allah ndiye adziwa, ndipo akapanda kubadwa dimba ndi la anyamatawo. Koma alime akudziwa. Akwiye lero, andikwiyire ine, ndili moyo ndipo pakamwa ndili napo. Asadzakwiyire mwana.

Malam Waziri anandipatsa mwana wawo atamva za dimba limenelo. Ngati mawuwo ndi obisa, ndiye kuti nkhalamba ija taipusitsa tonse, amalume, inu ndi ine.

Loweruka lino itanani anyamatawo. Amalume muwakweze panjinga ngati bondo likuvuta. Muyende nawo m'malire a dimba, anene ndi pakamwa pawo zimene ananena pafoni, oyandikana nawo minda amve. Kenako mubzale nkhadze m'malire monse, ndipo yoyamba mubzale ndinu.

Mlongo wanu,
Rashid